THUMBA LA FINISHER SILINATHE NTCHITO

Uthenga wa Sabata Ino
Kuwerenga: Genesis 42:25-28 ndi Yohane 6:12-13

Kulikonse kumene uthengawu wakupezani, kaya muli pa maliketi, mu minibasi, kumunda kapena pa bedi la kuchipatala, Mzimu wa Mulungu ali pomwepo. Aleluya!

Sabata ino tikamba za chinthu chimene timachiponda tsiku ndi tsiku kuseri kwa nyumba: thumba la chakudya cha ziweto limene latha. Ena mumati saka. Musaseke, abale anga. Mulungu amene analankhula kudzera mwa bulu angathenso kulankhula kudzera mwa saka.

Mu mpingo mwathu muno ambiri mumaweta nkhuku, ndipo masamu ake mukuwadziwa. Mabuloila 100, kuti afike pogulitsidwa pa masabata 6, amadya matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50. Poyamba Starter, kenako Grower, pomaliza Finisher. Ngati mulowetsa anapiye kasanu pa chaka, ndiye kuti pakhomo panu patsala matumba 35 mpaka 40. Onjezerani a nkhuku za mazira, a nkhumba ndi a ng'ombe za mkaka. Kaya ndi a Novatek, a Tiger kapena a Namfeed, onse tsiku lina amatha.

Onani mmene thumba limalemekezekera pa tsiku limene lafika. Limakwera pa njinga kapena pa wilibala ngati mfumu. Limaikidwa pa matabwa kuti lisanyowe, chitseko n'kukiyidwa, ana n'kuuzidwa kuti asayandikire. Koma chakudya chikangotha, ulemu wathanso. Liponyedwa panja. Mphepo ya mu Ogasiti ilitenga, likakola pa waya, mbuzi iyamba kulitafuna, mvula ikabwera ililowetsa mu ngalande.

Umu ndi mmene dziko limachitira ndi munthu. Pamene muli pa ntchito, foni imalira usana ndi usiku. Ntchito ikatha, foni imakhala chete ngati yaba. Pamene amuna anu anali moyo, achibale sanali kusowa pakhomo. Maliro atatha, anatenga zimene anatenga, n'kupita. Mwaphunzitsa ana a abale anu, mwadyetsa khamu, manje mphamvu zatha, palibe wofunsa kuti mwagona bwanji. Ngati mukumva choncho sabata ino, uthengawu ndi wanu. Mulungu sataya thumba chifukwa choti lakhuthulidwa. Amalitola, amalikutumula, amalichapa, amalisoka, n'kulipatsa ntchito ina. Nenani Ameni!

MATUMBA A ANA A YAKOBO

Tiyeni tipite ku Genesis 42. M'dziko la Kanani munali njala. Ife a m'Zambia sitifunika kufotokozeredwa kuti njala n'chiyani. Tikukumbuka chilala chimene chinapsereza chimanga m'minda, mpaka pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumazima maola ambirimbiri, ufa n'kukwera mtengo. Nkhokwe zinali gwa, matumba ali lende pa msomali.

Yakobo anatuma ana ake khumi ku Iguputo kukagula tirigu. Ananyamula chiyani? Ndalama, abulu ndi matumba opanda kanthu. Sanachite manyazi kuyenda ulendo wautali ndi matumba opanda kanthu, chifukwa anadziwa kuti munthu wopita kukagula chakudya alibe thumba adzabwerera manja ali m'khosi. Kumeneko anakumana ndi Yosefe, m'bale wawo amene anamugulitsa, koma sanamuzindikire. Yosefe analamula antchito ake kuti adzaze matumbawo ndi tirigu, abwezeremo ndalama za aliyense, awapatsenso kamba wa paulendo.

Manje mverani apa. Atafika pamalo ogona, mmodzi wa iwo anamasula thumba lake. Anamasuliranji? Kuti adyetse bulu wake. Sanali kufunafuna chozizwitsa. Anali kuchita ntchito wamba ya madzulo, imene inu mumachita mukamathira chakudya m'magome a nkhuku. Pakamwa pa thumba limene anatsegulira chiweto, anapezapo ndalama zake. Ulendo wachiwiri, atafotokoza nkhaniyi mwamantha kwa woyang'anira nyumba ya Yosefe, iye anawatonthoza powauza kuti chumacho anawaikira m'matumba ndi Mulungu wa atate awo.

Abale anga, anthu amenewa sanali oyera mtima. Anali ndi mlandu wa zaka zoposa makumi awiri. Koma chisomo chinawapeza kudzera m'thumba. Ndikulengeza kwa inu: chimene Mulungu wakukonzerani sichili kutali. Chili m'zinthu zimene mumagwira tsiku ndi tsiku, zimene maso anu anazizolowera mpaka analeka kuziona.

YESU SANATAYE ZOTSALA

Pa Yohane 6 Ambuye anadyetsa amuna 5,000 ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiwiri. Onse anakhuta. Munthu amene angachulukitse mkate nthawi iliyonse akanatha kungonyamuka n'kusiya nyenyeswa pa udzu. Koma analamula ophunzira kuti atole zotsala zonse, pakuti sanafune kuti chakudyacho chiwonongeke. Anadzaza mitanga 12. Mwini chozizwitsa anatola zotsala. Nanga ife amene timagula thumba ndi thukuta, tizitaya bwanji?

Akhristu ena timakonda kupempherera kuchuluka, koma zimene tili nazo kale timazisakaza. Timafuula kuti makomo atseguke, pamene matumba 40 akuwola kuseri kwa khola. Taonani ntchito zimene thumba limodzi lingagwire.

Loyamba, dimba la m'thumba. Amene mukhala m'makomboni, malo ndi ochepa, koma thumba limaima pa kamalo kakang'ono. Sakanizani magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu, choncho zidikireni ziwole. Tengani chitini chotsegula mbali zonse ziwiri, muchiike pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, dothi muthire m'mbali mwake. Kokani chitini m'mwamba, mubwerezenso, mpaka thumba lidzaze. Mukatero pakati padzakhala msana wa miyala wotsitsa madzi mpaka pansi. Zikani mitengo m'mbali kuti lisagwe. Boolani timabowo m'mbali motalikirana ngati chikhatho, muwokeremo repu kapena sipinachi, pamwamba anyezi kapena tomato. Madzi otsukulutsira mbale, opanda mafuta ndi sopo wambiri, akwanira kuthirira. Thumba limene linadyetsa nkhuku liyamba kudyetsa ana anu ndiwo zamasamba.

Lachiwiri, makatani a khola. Mu Juni ndi Julayi anapiye amafa ndi kuzizira. Ng'ambani matumba, muwasoke pamodzi, mutchinge m'mbali mwa khola usiku, masana mutsitse kuti mpweya uziyenda. Khola lotsekeratu limadwalitsanso nkhuku.

Lachitatu, choyanikirapo. Matumba angapo osokedwa pamodzi amakhala chinsalu chachikulu choyanikirapo chimanga, nsawawa, soya ndi mpendadzuwa, kuti mbewu isakhudze dothi lonyowa.

Lachinayi, kutchinga madzi. Pamene mvula yayamba kukumba chigwembe m'munda kapena pafupi ndi maziko a nyumba, dzazani matumba ndi mchenga kapena dothi, muwasanje mopingasa. Madzi amachepa liwiro, dothi limatsalira.

Sindinathe. Thumba limatuta manyowa kupita kumunda, limanyamula utuchi wa m'khola, limasunga malasha. Limatchinga bafa, limachita mthunzi pa nazale. Amayi aluso amalisoka kukhala chikwama chopitira ku maliketi. Anyamata amasolola ulusi wake n'kupota chingwe. Ndipo thumba loyera, losang'ambika, lili ndi ogula ku Soweto Market ku Lusaka, ku Saturday Market ku Chipata ndi m'misika ina. Ndalama ya mchere ndi sopo ili kuseri kwa nyumba yanu. Uzani mnzanu kuti: "Usataye dalitso lako!"

LISANADZAZIDWE, LIKONZEDWE

Koma pali dongosolo. Palibe mayi wanzeru amene amatola thumba ku khola n'kuthiramo ufa pomwepo. Paulo analembera Timoteo kuti m'nyumba yaikulu muli ziwiya zosiyanasiyana, ndipo munthu amene adziyeretsa ndiye amakhala chiwiya choyenera ntchito yaulemu ya mwini nyumba (2 Timoteo 2:20-21). Pali masitepe anayi.

Choyamba, kutembenuza ndi kukutumula. Thumba timati latha, koma m'makona mumatsalira fumbi la chakudya. Fumbi limenelo ndilo limaitana makoswe, mphemvu ndi anankafumbwe. Mumalitembenuza, zam'kati zibwere kunja, n'kulikutumula mwamphamvu. Inunso mwina munakhuthulidwa kale, koma m'makona a mtima munatsalira zinthu: mkwiyo pa amene anakuchotsani ntchito, mawu amene apongozi ananena pa maliro, nsanje pa mnzanu amene nkhuku zake zikuyenda malonda. Zotsalira zimenezi ndizo zimaitana mdani. Ena mukudandaula kuti moyo wanu ukugwedezeka mbali zonse. Mwina si Satana ayi. Mwina ndi Atate akukutumula thumba lawo. Lolani atembenuze zam'kati zibwere poyera. Kuulula tchimo ndiko kutembenuza thumba.

Chachiwiri, kuchapa. Madzi ndi sopo, ndipo ngati muli ndi Jik muthiremo pang'ono, kenako mutsukuluze bwino. Kukutumula kumachotsa zooneka, kuchapa kumachotsa fungo ndi tizilombo tosaoneka. Thumba silidzichapa lokha. Inunso simungadziyeretse ndi malonjezo a pa Nyuwere. Ndi mwazi wa Yesu wokha umene umachotsa fungo la moyo wakale. Aleluya!

Chachitatu, kuyanika. Apa ndi pamene ambiri timalephera, chifukwa pamafunika kudikira. Thumba lonyowa likalandira chimanga, chimanga chimachita chuku, ndipo chuku china chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unachenjeza dziko lonse, agalu ambiri atafa chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo anapezekanso mu ufa wina. Choncho thumba liume, chimanganso chiume. Njira yoyesera ndi yapafupi: ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamatira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Mukasunga, matumba akhale pa matabwa, asatsamire khoma.

Dalitso lothiridwa mwa munthu wosakonzeka limawola. Ndalama zimene zikanamanga nyumba zimamanga chizolowezi cha mowa. Udindo umene ukanatumikira anthu umabala kudzikuza. Ngati Mulungu wakuyanikani pa chingwe, musadumphe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yosefe yemwe uja anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Zaka 13 ali pa chingwe! Koma tsiku limene anadzazidwa, sanawole.

Dziwaninso ichi: thumba silisiyidwa padzuwa mpaka kalekale. Matumba amenewa ndi a pulasitiki wolukidwa, ndipo dzuwa likawawomba miyezi yambiri amathetheka n'kumayoyoka ngati ufa. Likauma, lipindeni, mulisunge pamthunzi. Mlimi wabwino amadziwa nthawi yoyanula. Mulungu wanu sadzakusiyani padzuwa kupitirira muyeso. Amadziwa tsiku loyanula.

Chachinayi, kusoka. M'chaka chachiwiri cha mfumu Dariyo, mneneri Hagai anadzudzula anthu amene anasiya nyumba ya Mulungu ili bwinja n'kumakongoletsa zawo. Anawayerekeza ndi wantchito woika malipiro ake m'thumba lobooka (Hagai 1:6). Kodi si mmene ena tilili? Mwagulitsa nkhuku zonse, ndalama zalowa mu foni, pakutha pa sabata simudziwa kumene zapita, ya anapiye ena palibe. Musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Yang'anani kaye bowo. Kwa wina bowo ndi kubetcha mpira pa foni. Kwa wina ndi kaloba. Kwa wina ndi nyumba yachiwiri imene akazi ake saidziwa. Kwa wina ndi kukongoza nkhuku popanda kulemba. Kwa winanso ndi kuika Mulungu kumapeto kwa bajeti. Tingakusanjikeni manja mpaka m'mawa, koma ngati bowo silinasokedwe, mafuta adzalowa pamwamba n'kutulukira pansi. Tengani singano. Gulani kabuku, muzilemba zolowa ndi zotuluka. Patulani ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo. Kusoka kumabaya, koma thumba losokedwa ndilo limafika kunyumba ndi katundu.

SI THUMBA LILILONSE LOLOWA M'KHOLA

Pano ndikuchenjezeni monga m'busa wanu. Thumba limanyamula zimene zinali kumene lachokera. Matenda a chideru, amene ena amati chitopa, komanso Gumboro, amayenda pa nsapato, pa zovala, pa makireti ndi pa matumba. Musatole matumba a ku khola la munthu wina n'kuwalowetsa kwa anapiye anu. Ngati nkhuku zafa ndi matenda, matumba a m'khola limenelo musawagulitse, musapatse mnansi. Funsani alangizi a ziweto mmene mungawachotsere. Kugulitsa thumba lotere mukudziwa n'kupha khola la m'bale wanu.

Thumba limene munali mankhwala ophera tizilombo, kapena mbewu yopakidwa mankhwala, ija yofiira kapena yobiriwira, lisalandirenso chakudya cha anthu kapena cha ziweto ngakhale mutalichapa. Lipatseni ntchito ya mchenga. Lothetheka musalisiye poyera, chifukwa ng'ombe ndi mbuzi zikameza ulusi wake umaunjikana m'mimba, chiweto chimawonda mpaka kufa. Musakolezere moto wophikira ndi thumba, utsi wake ndi woipa pa chifuwa. Ndipo musaponye mu ngalande. Ngalande zotsekeka zimasefukira n'kusakaniza madzi ndi zonyansa. Tisaiwale kuti kumayambiriro kwa 2024 bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala cha kolera. Mkhristu wolankhula malilime koma wotaya zinyalala mu ngalande sanamvetse lamulo lokonda mnansi.

Mu uzimu n'chimodzimodzi. Samalani zimene mulowetsa m'khola la moyo wanu. Si uphungu uliwonse, si ulosi uliwonse wa pa Facebook, si bwenzi aliyense. Funsani kuti: zachokera kuti, ndipo kumeneko zinasiya moyo kapena imfa? Yesani mizimu.

Palinso tchimo lina limene ndiyenera kulitchula. Ena amatola thumba lokhala ndi dzina la kampani, amathiramo gaga wosakaniza ndi zina, amasoka bwinobwino, n'kugulitsa ngati chakudya chenicheni. Mayi wamasiye agula ndi ndalama ya chilimba, nkhuku zake sizikula, ngongole imupeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku la Miyambo 11:1 limatiuza kuti Yehova amanyansidwa ndi sikelo yonyenga. Ngati mumasakaniza chakudya chanu, si tchimo, koma nenani zoona kwa wogula. Ana a Yakobo, ngakhale anali ndi mbiri yoipa, anabwerera ndi ndalama zija ku Iguputo kuti akabweze. Mwana wa Mulungu sadyera dzina la wina.

ZOLEMBEDWA KUNJA SI ZIMENE ZILI M'KATI

Manje gwirani ichi, chifukwa ndi pamene pali mtima wa uthenga. Lowani m'nyumba ya mlimi nthawi yokolola. Mupeza thumba lolembedwa Broiler Finisher, chithunzi cha nkhuku chili pompo. Masulani. M'kati muli chimanga choyera, chakudya cha banja mpaka mvula. Zolembedwa zikunena za dzulo. Zam'kati zikunena za lero. Mwini nyumba sawerenga zakunja, amadziwa chimene anaikamo.

Anthu analemba mawu pa inu. Wosudzulidwa. Chidakwa. Wolephera Giredi 12. Wotuluka ku jele. Wosabereka. Wopuma ntchito. Ena anakulembani kuti Finisher, ati zanu zatha. Koma wolemba kunja si amene amadzaza m'kati!

Naomi anabwerera ku Betelehemu atataya mwamuna ndi ana aamuna awiri ku Mowabu. Anadzilemba yekha dzina lakuti Mara, kutanthauza kuwawa, chifukwa anadziona kuti anachoka wodzaza n'kubwerako wopanda kanthu. Koma Baibulo limanena kuti anafika pa chiyambi cha kukolola barele. Iye akuwerenga zimene anataya, Mulungu anali atakonza kale munda. Pasanapite nthawi Rute anabwera kuchokera kwa Boazi atasenza miyeso isanu ndi umodzi ya barele mu nsalu yake, kuti asafike kwa apongozi ake chimanjamanja. Pa mapeto Naomi analera Obedi, agogo ake a mfumu Davide. Dzina la Mara silinagwire.

Yohane Marko anathawa pa ulendo wa utumiki. Paulo anamukana ulendo wachiwiri, mpaka anapatukana ndi Barnaba chifukwa cha iye. Barnaba anatola thumba limene Paulo anasiya, napita nalo ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere ndi Marko, popeza anali wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Mpingo ufunika a Barnaba. Pali achinyamata amene analeka kubwera ku tchalitchi chifukwa anagwa, ndipo ife tinawawerenga zolembedwa kunja. Pali agogo amene anayambitsa makwaya ndi mapemphero a m'nyumba, manje akhala okha. Pitani mukawatole.

Zindikiraninso kuti ntchito yachiwiri ya thumba nthawi zambiri imatalika kuposa yoyamba. Chakudya cha nkhuku chimatha m'masiku ochepa. Koma thumba lomwelo, likasamalidwa, limasunga chimanga miyezi. Poyamba linadyetsa nkhuku, manje likudyetsa ana a mwini nyumba. Ndikunenera pa moyo wanu: utumiki wanu wachiwiri udzaposa woyamba, m'dzina la Yesu!

THUMBA LOPANDA KANTHU SILIIMA

Chenjezo lomaliza. Kuyera kokha sikukwanira. Yesani kuimika thumba lopanda kanthu, ligwa. Lisiyeni lopinda pakona nthawi yaitali, makoswe amangamo chisa. Pa Mateyu 12:43-45 Ambuye anaphunzitsa za mzimu woipa umene unatuluka mwa munthu, ndipo pobwerera unapeza nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo. Unakatenga ina isanu ndi iwiri yoipa kuposa iwo, ndipo munthuyo anaipiraipira. Kumasulidwa pa Sondo ndi chiyambi chabe. Mande mudzazidwe ndi Mawu. Mudzazidwe ndi Mzimu Woyera. Mudzazidwe ndi ntchito ya manja. Munthu amene wasiya mowa koma alibe chochita madzulo ali pangozi. Mupatseni thumba, dothi ndi mbande za repu.

Ndipo musabise kuti mulibe kanthu. Mkazi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4, amene wangongole anafuna kumulanda ana ake awiri, anauzidwa ndi Elisa kuti akabwereke ziwiya zopanda kanthu kwa anansi. Mafuta anayenda mpaka chiwiya chomaliza, ndipo analeka pamene ziwiya zinatha. Chimene chinaika malire si kumwamba, ndi kuchuluka kwa ziwiya. Wodzaza kale ndi nzeru zake alibe malo olandirira. Inu amene mukulira kuti mwatsala opanda kanthu, ndinu amene muli pa mzere woyamba.

ZOCHITA SABATA INO

Chikhulupiriro chopanda ntchito sichipindula. Mande ndi Chiwiri, zungulirani pakhomo panu, mutole matumba onse. Patulani abwino, ong'ambika ndi a mankhwala. Chitatu, chapani ndi kuyanika, ndipo pochapa muzipemphera kuti Ambuye akuonetseni zotsalira za mumtima. Chinayi, khalani pansi ndi a m'banja mwanu, mutchule bowo limodzi la ndalama limene musoke mwezi uno. Chisanu, imbirani foni kapena kayendereni munthu mmodzi amene anthu anamutaya. Chiweru, bzalani dimba la m'thumba limodzi. Pa Sondo, banja lililonse limene lingathe libweretse ku tchalitchi matumba awiri oyera, ochokera ku khola lopanda matenda. Achinyamata ndi amayi adzawakonza kukhala madimba a amasiye ndi okalamba a mu mpingo. Mutu umodzi susenza denga.

NENANI MOKWEZA

Ine sindine wotayika. Ndili m'manja mwa Mwini wanga.
Zimene anthu analemba pa ine si mawu omaliza.
Zotsalira zonse za mkwiyo ndi manyazi zikutumuke, m'dzina la Yesu.
Bowo lililonse m'chuma changa ndi m'banja langa ndikulisoka lero.
Sindidzasakaza chimene Mulungu wandipatsa, chachikulu kapena chaching'ono.
Ndidzadzazidwa, ndidzaima, ndipo ena adzadya kudzera mwa ine.

TIPEMPHERE

Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa simutaya ntchito ya manja anu. Taonani ana anu amene akhuthulidwa ndi matenda, imfa, ngongole ndi kutha kwa ntchito. Atoleni pamene dziko linawaponya. Titembenuzeni, mutikutumule, mutisambitse ndi mwazi wa Mwana wanu. Tipatseni mtima wodikira pamene mwatiyanika, ndi kulimba mtima pamene singano yanu ikutibaya. Dalitsani makola athu, minda yathu ndi malonda athu. Tetezani ziweto ku matenda, ndi ana athu ku chakudya choipa. Tiphunzitseni kusamala dziko limene munatipatsa, ndi kuchita malonda moona mtima. Tidzazeni ndi Mzimu wanu Woyera kuti tiime. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Ameni.

Musasunge uthengawu nokha. Tumizirani wina amene akuganiza kuti zake zinatha. Tionana pa mapemphero a pakati pa sabata, ndipo pa Sondo musaiwale matumba. Ambuye akusungeni, inu ndi a m'nyumba mwanu.